Kodi ndidikire foni yatsopano kapena ndigule yomwe ilipoyi? Mafunso ndi mayankho pa mafoni otsika mtengo

Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anthu omwe asonkhanitsa kandalama kogulira foni, koma akuopa kuti akangogula lero mawa kutuluka ina yabwino kuposa. Ndagwiritsa ntchito kwambiri zitsanzo ziwiri: iPhone SE ya kampani ya Apple, yomwe inavutitsa anthu odikira kuposa foni ina iliyonse yomwe ndikuidziwa, ndi Galaxy A ya Samsung, yomwe ambiri tili nayo m'matumbamu.

Mukamati foni "iwonjezeredwa" kapena "ituluka yatsopano" mukutanthauza chiyani kwenikweni?

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kutuluka kwa foni ina yolowa m'malo mwa yakale, monga mmene Galaxy A16 inalowera m'malo mwa A15. Chachiwiri ndi update, pulogalamu yatsopano imene imabwera pa foni yomwe muli nayo kale kudzera pa intaneti, ija imakupemphani kuti mulumikize Wi-Fi ndi kuika foni pa tchaja. Anthu ambiri amadera nkhawa choyambacho. Ine ndimati chachiwiricho ndicho chimene chidzakupwetekeni kapena kukupulumutsani zaka zitatu zikubwerazo. Tibwereranso ku nkhaniyi.

Kodi iPhone SE inkatuluka pakatha nthawi yaitali bwanji?

Apa ndiye pali phunziro lonse. SE yoyamba inalengezedwa mu Malichi 2016 pa mtengo wa madola 399. Inali ndi thupi la iPhone 5s, sikirini ya mainchesi 4, koma mkati mwake munali chip (ubongo wa foni) ya A9 ya iPhone 6s. Anthu anaikonda, ndipo chaka chilichonse kunkamveka kuti yachiwiri ili m'njira. 2017 inadutsa. Mu Seputembala 2018 Apple inangosiya kugulitsa yoyambayo osatulutsa ina. Yachiwiri inabwera mu Epulo 2020, patatha zaka zinayi, mliri wa Covid-19 uli pachimake, itavala thupi la iPhone 8 ndi chip ya A13, mtengo womwe uja wa madola 399.

Yachitatu siinachedwe chotero. Inalengezedwa pa 8 Malichi 2022, maonekedwe osasintha n'komwe, koma ili ndi A15 ndi 5G, mtengo utakwera kufika madola 429. Apa anthu anati tsopano tadziwa kayendedwe kake: zaka ziwiri ziwiri, ndiye yachinayi 2024. Sizinatero. Pa 19 Febuluwale 2025 Apple inalengeza iPhone 16e ndi kuthetseratu dzina loti SE.

Werengani mipatayo: zaka zinayi, ziwiri, kenako pafupifupi zitatu. Munthu sangalosere chaka ndi manambala otere. Chokhacho chomwe sichinasinthe ndi nyengo: zonse zinayi zinalengezedwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo, osati mu Seputembala pomwe ma iPhone akuluakulu amatulukira.

Ndiye amene anadikira SE yachinayi anapindula?

Zimatengera chomwe ankadikira. Msuweni wanga wina anayamba kudikira kumayambiriro kwa 2023, ali ndi iPhone 7 ya sikirini yong'ambika pakona, ataimata ndi selotepi kuti isamucheke chala. Batire yake inkatha asanafike pa ola la nkhomaliro, moti ankayenda ndi power bank m'thumba la malaya, chingwe chikulendewera ngati wodwala wa pa diripi. Ankafuna chinthu chimodzi: foni yaing'ono, ya batani lozungulira lija lowerenga chala, ya mtengo wosapitirira madola 450.

Chomwe chinabwera ndi foni ya mainchesi 6.1, yopanda batani, yotsegula ndi nkhope, ya madola 599. Foni yabwino, sindikutsutsa: sikirini ya OLED, chip ya A18, malo osungira zinthu oyambira pa 128GB m'malo mwa 64GB, potchajira pa USB-C, ndi modemu (kachipangizo kolumikiza foni ku netiweki) yoyamba yopangidwa ndi Apple yomwe, yotchedwa C1. Koma siinali foni yomwe iye anaidikira zaka ziwiri, ndipo madola 170 owonjezera pa mtengo wa SE yachitatu ija analibe. Anakagula SE ya 2022 yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe akanatha kugula pachiyambi pomwe.

Olosera ambiri amaiwala kuti kampani ikhoza kusintha mtengo ndi mtundu wa foni nthawi imodzi. Inu mumadikira mng'ono wake wa foni yomwe mukuidziwa, kukubwera mlendo.

Nanga Samsung? Nayonso ndi yosadziwika chonchi?

Ayi, iyi ndi yosavuta. Mafoni a Galaxy A amatuluka pafupifupi chaka chilichonse, ndipo nambala yomaliza imakuuzani m'badwo wake. A14 5G inalengezedwa mu Januwale 2023, A15 mu Disembala 2023, A16 5G mu Okutobala 2024, A17 5G mu Ogasiti 2025. Onani kuti mpata wake sukufika n'komwe miyezi 12, ukumachepera. Akuluakulu awo a m'gulu la A5 anakhazikika pa mwezi umodzi: A54, A55 ndi A56 zonse zinalengezedwa mu Malichi, 2023, 2024 ndi 2025.

Choncho ngati Galaxy A yomwe mukuifuna yatha miyezi khumi chitulukireni, simufunika mlosi. Yolowa m'malo mwake ili pafupi.

Ngati ituluka chaka chilichonse, kodi yatsopano imasiyana kwambiri ndi yakale?

Nthawi zambiri ayi, ndipo ogulitsa sakonda kuti mudziwe zimenezi. Ikani A15 ndi A16 za 4G pamodzi. Chip yake ndi imodzi, Helio G99 ya MediaTek. Batire 5,000 mAh zonse ziwiri. Kamera yaikulu 50 megapixel zonse ziwiri. Sikirini inakula pang'ono kuchoka pa mainchesi 6.5 kufika 6.7. Mukatsegula WhatsApp pa zonse ziwiri simungadziwe kuti yatsopano ndi iti.

Kusiyana kwenikweni kunali kuwiri, kumodzi kokoma kwina kowawa. Kokoma: A15 inalonjezedwa Android watsopano kanayi ndi ma update achitetezo kwa zaka 5, pamene A16 inalonjezedwa kasanu ndi kamodzi ndi zaka 6. Kowawa: A16 inachotsa kabowo kolowetsa mahedifoni a chingwe. Kwa munthu amene amamvera nyimbo m'minibasi ndi mahedifoni a pamsika, izi si nkhani yaing'ono. A56 nayo inachotsa malo a memori khadi omwe A55 inali nawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kudumpha kwakukulu kumachitika mwa apo ndi apo. A15 inali imodzi mwa zoterozo chifukwa inabweretsa sikirini ya Super AMOLED m'gulu lomwe kale linkakhala ndi LCD. Amene anagula A14 kutatsala mwezi umodzi anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Mphekesera za pa intaneti n'zodalirika?

Zina. Pali anthu owerengeka omwe ali ndi mbiri yonena zoona kawirikawiri, monga Mark Gurman wa ku Bloomberg ndi Ming-Chi Kuo, katswiri wotsatira makampani a ku Asia opanga zipangizo za mafoni. Komabe onani zomwe zinachitika ndi SE yachinayi: mu Januwale 2023 Kuo ananena kuti Apple yaleka kuipanga, ndipo Febuluwale asanathe ananenanso kuti ntchito yayambiranso. Mwina sananame ulendo uliwonse. Makampani amasinthadi maganizo, ndipo amene akuona kudzera pa zenera la fakitale amangoona chomwe chilipo tsiku limenelo.

Ena onsewo, makamaka a mavidiyo a mitu yokuwa pa YouTube ndi TikTok, amangobwereza zomwe awiri atatu aja anena, kuwonjezera zithunzi zojambula pa kompyuta. Iwo amadya pa kudikira kwanuko. Foni ikatuluka mawa, mkuja ayamba za inzake.

Pali zizindikiro zooneka ndi maso zoti foni yatsala pang'ono kutuluka?

Zilipo, ndipo zimaposa mphekesera. Foni isanagulitsidwe imayenera kuvomerezedwa ndi mabungwe a boma: FCC ku America, BIS ku India, TENAA ku China, komanso bungwe la Bluetooth SIG. Mabungwewa amaika nambala ya mtundu wa foniyo poyera ngakhale kampani isanalankhule. Samsung ndi yosavuta kuwerenga: A15 ya 4G ndi SM-A155, A16 ya 4G ndi SM-A165, ya 5G ndi SM-A166. Nambala yotsatira ikangooneka m'mabuku amenewa, kapena pa Geekbench pomwe amayesera liwiro la mafoni, ndiye kuti kwatsala masabata kapena miyezi yochepa.

Chizindikiro china ndi lamulo. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 foni iliyonse yatsopano yogulitsidwa kumeneko ikhale ya USB-C. SE ya 2022 inali ndi potchajira pa Apple pakale, pa Lightning, ndiye Apple inaichotsa m'masitolo a kumeneko masiku omwewo. Aliyense wotsatira nkhani anadziwa kuti kampani siingakhale nthawi yaitali yopanda foni yotsika mtengo pa msika waukulu chotero. Pasanathe miyezi iwiri 16e inatuluka.

Chachitatu n'chapafupi: masitolo akuluakulu akunja akayamba kutsitsa mtengo wa foni imodzi onse pamodzi, kapena mitundu ina yake ikayamba kusowa osabweranso, akusesa m'nyumba kukonzekera mlendo.

N'chiyani chimachedwetsa foni yomwe aliyense amaiyembekezera?

Chitsanzo chabwino ndi Pixel ya Google. Pixel 3a inatuluka mu Meyi 2019 pa msonkhano wawo wa pachaka wa Google I/O. Anthu anayembekezera 4a mu Meyi 2020, koma mliri unalepheretsa msonkhanowo ndi kusokoneza mafakitale, foni n'kudzatuluka mu Ogasiti. Chaka chotsatira kunali kusowa kwa ma chip padziko lonse, ndipo Pixel 5a inagulitsidwa ku America ndi ku Japan kokha. Kenako zinabwerera ku Meyi ndi 7a ndi 8a, koma 9a inafulumira n'kulengezedwa mu Malichi 2025.

Foni yotsika mtengo imakhala kumapeto kwa mzere. Zipangizo zikachepa, kampani imayamba yakhutitsa mafoni odula omwe amaibweretsera phindu lalikulu. Ndipo kawirikawiri yotsika mtengoyo imapangidwa ndi zotsala za yodula: thupi la chaka chatha, sikirini yomwe fakitale inaizolowera kale. Imatuluka pamene zotsalazo zatsika mtengo mokwanira, osati pamene inu mwakonzeka.

Yatsopano ikatuluka, yakale siitsika mtengo? Si chifukwa chabwino chodikira chimenecho?

Ku London kapena ku Johannesburg, inde, kawirikawiri imatsika. Kuno kwathu musawerengere zimenezo. Foni iliyonse yomwe ili m'sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe inagulidwa ndi ndalama zakunja, kaya ku Dubai, ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Joni. Mtengo wake umatsata dola, ndipo osati dola ya ku banki yokha ayi, koma yomwe wamalondayo anaipeza atavutikira.

Kumbukirani Novembala 2023, pamene Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munali mutatsala mwezi umodzi kuti A15 ilengezedwe. Munthu amene anasunga ndalama ya A14 mu Okutobala n'kunena kuti "ndidikire yatsopano, kapena yakaleyi itsike" anadzuka ndalama yake itafupika. Ngakhale A14 inatsika ndi madola angapo kunja, m'makwacha siinaoneke kutsika. Zinachitikanso mu Meyi 2022 pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti.

Ndiye funso lenileni kwa ife si lakuti foni ituluka liti. Ndi lakuti ndalama yanu ili mu ndalama yanji. Ngati ili mu kwacha, pa Mpamba kapena pa Airtel Money, mwezi uliwonse wodikira uli ndi mtengo wake. Ngati pali mbale ku Britain kapena ku South Africa yemwe akakugulirani ndi mapaundi kapena marandi n'kubwera nayo pa Khirisimasi, pamenepo kudikira kuli ndi nzeru, chifukwa kutsika kwa mtengo kwa kumeneko kukufikani.

Ikalengezedwa kunja imafika kuno patatha nthawi yaitali bwanji?

Tsiku lolengeza si tsiku lofika. Zoyamba kufika zimabwera m'masutikesi, ndipo mwini wake amadziwa kuti ndi yekha ali nazo, ndiye mtengo wake ndi wolira nawo. Dikirani kufikira itadzaza m'masitolo angapo oyandikana kuti mukhale ndi ponenerera. Mukaphatikiza zonsezi, "ituluka mwezi wamawa" amasanduka miyezi itatu kapena inayi musanaigwire pa mtengo woyenera.

Nanga Tecno, itel ndi Infinix?

Onse atatu ndi ana a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, yomwe inakulira pa msika wa mu Africa muno. Awa sadikiritsa munthu. Mayina atsopano a Spark, Pop, Hot ndi Smart amatuluka pafupipafupi, nthawi zina chaka chisanathe, aliyense ali ndi abale ake a Pro, Go ndi C. Kudikira yotsatira pa mafoni awa kuli ngati kudikira kuti minibasi yomaliza idutse: kumbuyo kukubwera ina. Sankhani ndi RAM (memori yomwe foni imayendetsera ma app), malo osungira zinthu ndi batire, dzina musalilabadire kwambiri. Ndipo samalani ndi manambala a pa bokosi olembedwa ngati "8+8GB". Theka lachiwirilo si RAM yeniyeni, ndi malo obwereka kuchokera mosungira zinthu, ndipo ndi ochedwa.

Munati update ndiyo yofunika kwambiri. Chifukwa chiyani?

Chifukwa ife foni sitiisintha chaka ndi chaka. Timaigwiritsa ntchito mpaka itatopa, kenako imapita kwa mng'ono wathu, kenako kwa amayi kumudzi. Chomwe chimaipha pamapeto pake kawirikawiri si sikirini kapena batire, zomwe amisiri a pamsika amasintha mukudikira pomwepo. Ndi tsiku lomwe app ya ku banki kapena WhatsApp imakana kutseguka. Mu 2025 WhatsApp inayamba kufuna iOS (pulogalamu yoyendetsa iPhone) 15.1 kapena kuposerapo, ndipo iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus zinatsala panjira zili zamoyo. SE ya 2016 inapulumuka chifukwa inafika pa iOS 15. SE ya 2020 inalandira ngakhale iOS 26 mu 2025, pamene iPhone XS ya 2018, yomwe inali yodula kuposa kawiri, inasiyidwa. Chinsinsi chake chinali chip yatsopano m'thupi lakale.

Zaka zolonjezedwazo zimawerengedwa kuchokera pomwe foni inatulukira, osati pomwe mwaigulira. Mukagula A15 ili ndi zaka ziwiri pa msika, pa zaka 5 zija mwatsala ndi zitatu. Apanso ndi pamene ndimauza munthu kuti dikirani: ngati zikudziwika kuti yotsatirayo ili ndi lonjezo lalitali kwambiri, monga mmene Pixel 8a inabwerera ndi zaka 7.

Ndidikire ya 5G?

Ngati mumakhala kuno, osati chifukwa cha 5G yokha. Malo omwe imagwira ndi ochepa, ndipo bandulo yanu idzatha mofanana. Ndalama yowonjezerayo ikani pa RAM kapena pa 128GB m'malo mwa 64GB. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Manchester nkhani yawo ndi ina.

Pali choopsa chilichonse pogula yatsopano yochokera kunja?

Chimodzi chomwe chagwetsa anthu ambiri: kuyambira pa iPhone 14, ma iPhone ogulitsidwa ku America alibe polowetsa simukadi, amagwiritsa ntchito eSIM yokha, simukadi yosagwirika yomangidwira m'kati mwa foni. 16e ya ku America ndi yotero, pamene SE ya 2022 ya komweko inali ndi polowetsa. Munthu wozolowera kusinthasintha ma layini a TNM ndi Airtel malinga ndi komwe netiweki ikugwira ayenera kufunsa za ichi asanatumize ndalama. Funsaninso ngati foniyo siinamangidwe pa kampani ya netiweki ya kumeneko, ndi ngati mwini wake wakale anachotsamo akaunti yake ya iCloud kapena ya Google. Ine ndinagulapo foni pa sitolo ina m'tauni, bokosi lomata bwinobwino ndi pulasitiki, nditafika kunyumba n'kupeza nambala ya IMEI (nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha) ya pa bokosi ikusiyana ndi ya m'foni. Kuyambira tsiku limenelo ndimaimba *#06# kuti ndione IMEI ya m'foni wogulitsa akuona, ndisanatulutse chikwama.

Chabwino, ndiuzeni mwachidule. Foni yanga yatopa, ndalama ndili nayo. Nditani?

Foni ikafa lero, gulani lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati ikuyendabe mokakamiza, fufuzani mwezi womwe mtundu mukuufunawo unatulukira. Usanathe miyezi isanu ndi umodzi, gulani osayang'ana m'mbuyo. Ngati wadutsa miyezi khumi ndipo ndi wa kampani yotulutsa chaka ndi chaka, dziikireni malire a masabata asanu ndi limodzi, lembani tsikulo pa kalendala, ndipo likafika yatsopano isanaoneke m'masitolo awiri atatu, tengani yakaleyo ndi kunenerera mtengo pouza wogulitsa kuti nonse mukudziwa kuti yatsala pang'ono kukalamba pa shelefu.

Nanga ndingosinthitsa batire n'kudikirabe?

Ngati foniyo ikulandirabe ma update ndipo vuto ndi batire yokha, iyi ndi njira yotchipa kuposa zonse, ndipo imakugulirani chaka china. Pa iPhone lowani mu Settings, Battery, Battery Health: ikatsika pansi pa 80 peresenti, yakwana nthawi yosintha. Pemphani mmisiri akupatseni batire yakaleyo m'manja akamaliza, ndipo muitchaje foniyo pomwepo kwa mphindi khumi muone ngati siikutentha musanalipire.